Phulusa la ng'anjo zotenthera zinyalala: ndani amalondola komwe likupita?

Funso ili lachokera kwa mayi wina amene amakhala kumpoto kwa England: "Ndili ndi kadimba kobwereka ku khonsolo komwe ndimalimako nkhwani, nyemba ndi chimanga pang'ono, ndipo ndimawetako nkhuku zisanu. Mwezi wathawu kontalakita anathira timiyala totuwa pamsewu wolowera kumadimbako. Tikayang'anitsitsa tikuonamo tizidutswa ta magalasi ndi ta mbale zadothi. Agogo ena amene timalima moyandikana akuti limeneli ndi phulusa la kotenthera zinyalala, ndipo akuti zoterezi zinazunzapo anthu ku Byker. Kwathu phulusa timathira m'munda ndi kuchezera chidulo. Kodi limeneli ndi loopsa? Nanga boma limadziwa komwe phulusa lotere limapita?"

Mayi, agogowo asakuonekereni ngati ongoopseza. Nkhani ya ku Byker inachitikadi, ndipo ndiyamba ndi imeneyo chifukwa ikufanana kwambiri ndi zomwe mwalembazi, mpaka nkhuku zomwe.

Byker ndi dera la mumzinda wa Newcastle upon Tyne. Kumeneko kunali fakitale yomwe inkaumba zinyalala za m'nyumba n'kukhala zotentha, ndipo moto wake unkafunditsa nyumba za anthu a m'deralo. Pakati pa 1994 ndi 1999, phulusa lokwana matani pafupifupi 2,000 lochokera pamenepo linamwazidwa m'malo 44 a mumzindawo, makamaka m'tinjira ta m'madimba obwereka ngati lanulo. Olima madimba ankaona kuti khonsolo yawachitira zabwino powachotsera matope m'njira. Amene anayamba kudandaula anali anthu wamba a m'deralo, akuluakulu oyang'anira zachilengedwe anabwera pambuyo. Akatswiri a pa yunivesite ya Newcastle atapima, anapeza kuti phulusalo linali ndi mtovu, mkuwa ndi zitsulo zina zambiri, komanso poizoni wotchedwa dioxin wochuluka zedi. Poizoniyo anapezekanso m'mazira a nkhuku zoweteredwa m'madimbamo. M'chaka cha 2000 anthu anauzidwa kuti asiye kudya mazira ndi nkhuku za kumeneko, azitsuka bwino ndiwo zamasamba, ndipo ana osakwana zaka ziwiri asamasewere m'madimbamo. Phulusalo linakumbidwa n'kuchotsedwa. Mu January 2002 khoti linalipiritsa khonsolo ya mzindawo chindapusa cha mapaundi 25,000, ndipo kampani yomwe inkayendetsa fakitaleyo inalipira mapaundi 5,000. Ndalama zimenezi n'zochepa momvetsa chisoni tikaganizira kuti mabanja anadya mazira amenewo kwa zaka.

Cholakwika chachikulu ku Byker chinali chakuti anasakaniza mitundu iwiri ya phulusa yomwe siyenera kukumana. Apa ndi pomwe pali mutu wa nkhani yonse, choncho ndifotokoze mofatsa.

Zinyalala zikapsa m'ng'anjo yaikulu, pansi pamatsala zolemera: mchenga, magalasi, zidutswa za mbale ndi makapu, misomali, zitini zosungunuka, timafupa. Limeneli ndi phulusa lapansi, ndipo pa tani iliyonse ya zinyalala limatsala lokwana makilogalamu 200 mpaka 250. Koma palinso lina lopepuka ngati ufa, lomwe limakwera ndi utsi, monga mwaye umene umamatirira kudenga la khitchini ya kumudzi. Lisanatuluke pa chumuni, amalikola ndi zosefera atathiramo laimu ndi makala apadera oyamwa poizoni. Limeneli ndi lochepa, makilogalamu 20 mpaka 50 pa tani, koma ndi momwe mumaunjikana zoipa zambiri. Zitsulo za poizoni monga mtovu, cadmium ndi mercury zimasanduka nthunzi pamoto waukulu, kenako utsi ukayamba kuzizira zimamatirira pa tinthu ta mwayeto. Dioxin nayenso amachita chimodzimodzi. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti utsi ufike pa madigiri 850 kwa masekondi awiri kuti poizoniyu aphwanyike, koma utsiwo ukamazizira, ukadutsa pakati pa madigiri 400 ndi 200, dioxin amatha kupangikanso pamwamba pa mwaye, mothandizidwa ndi mkuwa ndi chlorine. Ndiye taonani: ng'anjo yamakono ikamayeretsa bwino utsi wake, zoipa zomwe zikanapita mumlengalenga zimathera mu phulusa louluka lija. N'chifukwa chake limawerengedwa m'gulu la zinyalala zoopsa, ndipo liyenera kusungidwa palokha. Ku Germany lambiri amakalikwirira m'migodi yakale ya mchere. Ku Byker linkalowa pamodzi ndi lapansi, lonse n'kukathera m'tinjira ta m'madimba.

Munganene kuti nanga bwanji nkhuku, osati masamba? Dioxin sasungunuka m'madzi, choncho mizu ya mbewu zambiri siimuyamwa kwenikweni, ndipo ku Byker masamba otsukidwa sanapezeke ndi vuto lalikulu. Koma amasungunuka m'mafuta. Nkhuku yoyenda payokha imapalasa, imatola nyongolotsi, imameza timiyala, imasamba m'fumbi. Tsiku lililonse imadya dothi pang'ono, ndipo poizoniyo amakaunjikana m'mafuta ake ndi mu chikasu cha dzira. Bungwe la World Health Organization limati mwa dioxin yense amene amalowa m'thupi la munthu, woposa 90 peresenti amadzera m'chakudya, makamaka nyama, mkaka ndi nsomba, ndipo akalowa pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lake lichoke. Sapha lero ndi lero. Amasokoneza kakulidwe ka mwana m'mimba, chitetezo cha m'thupi ndi mphamvu zobereka, komanso amayambitsa khansa. Munthu sangamve fungo lake kapena kumulawa m'dzira.

Tsono phulusa la chidulo lija ndi chinthu china kotheratu. Limachokera ku zitsononkho, mapesi kapena makoko a mtedza, zomera zomwe zinakula m'munda. M'ng'anjo ya zinyalala mumalowa mabatire, mapaipi a pulasitiki, mawaya, penti, nsapato zakutha, matabwa opakidwa mankhwala. Dzina ndi limodzi, phulusa, ndipo n'zomveka kuti ife amene tinakulira pa mafuwa timaliona ngati chinthu chabwino, koma kufanana kwake kumathera pa dzinapo.

Zomwe mwaziona pamsewu wanu, timiyala totuwa tokhala ndi magalasi ndi zidutswa za mbale, ndi maonekedwe a phulusa lapansi lokonzedwa. Zigumukire za nyumba zoperedwa zimaonekanso choncho, ndiye chomwe chingathetse mkangano ndi pepala lomwe linabwera ndi lole, ndipo ndifikapo. Pamapepala a ku Britain phulusa lokonzedwali amalilemba kuti IBAA. Likamatuluka m'ng'anjo limagwera m'madzi kuti lizime, kenako amaliunjika panja kwa milungu ingapo kapena miyezi kuti lipume mpweya. Langotuluka kumene limakhala laukali ngati laimu, ndipo mpweya umachepetsa ukaliwo n'kumanga zitsulo zina kuti zisamasungunuke msanga mvula ikagwa. Akatero amachotsa zitsulo ndi maginito ndi makina ena okankha aluminiyamu ndi mkuwa, n'kusefa zotsalazo molingana ndi kukula kwake. Zimenezi ndi zomwe amagulitsa m'malo mwa kwale.

Ine sinditsutsa kugwiritsa ntchito phulusa limeneli. Ku Denmark pafupifupi lonse limalowa pansi pa misewu, ndipo tani iliyonse yoteroyo ndi tani ya mwala yomwe sinaswedwe m'phiri. Komabe si mwala wamba. Limakhala ndi mchere wambiri, mkuwa, nthawi zina zitsulo za antimony ndi chromium, zomwe madzi amatha kukokolola. Limakhalanso ndi timaaluminiyamu tomwe tikanyowa timatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe umagwira moto msanga. Mu January 2017 sitima ya katundu yotchedwa Nortrader, itanyamula phulusa losakonza n'kuima pafupi ndi Plymouth, inaphulikiridwa ndi mpweya umenewu ndipo injiniya wamkulu wa sitimayo anapsa. Choncho funso lakuti phulusali ndi labwino kapena loipa siliyankhika popanda kufunsa kuti laikidwa pati. Pansi pa phula kapena konkire, pomwe mvula siilowa ndipo palibe amene angalikhudze, chiopsezo chake n'chochepa. Pamtunda, pafupi ndi chitsime, m'dambo, kapena pomwe nkhuku zikupalasa ndi ana akusewera, ndi nkhani ina.

Tifike pa funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lalikulu. Ku England woyang'anira ndi bungwe la boma loona za chilengedwe la Environment Agency; ku Scotland ndi SEPA, ku Wales ndi Natural Resources Wales. Pa ng'anjo penipenipo amagwira zolimba. Fakitale siiyenda popanda chilolezo, utsi wa pa chumuni umapimidwa usana ndi usiku, phulusa limapimidwa kawirikawiri, ndipo malo okonzera phulusa nawonso amafuna chilolezo chawochawo. Lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limati aliyense wopanga, wonyamula kapena wolandira zinyalala ali ndi udindo woonetsetsa kuti zapita kwa munthu wololedwa, ndipo pakhale kalata yoperekezera katunduyo yomwe mbali zonse ziwiri zimasunga kwa zaka ziwiri. Pa phulusa lokonzedwa lomwe silinasakanizidwe ndi simenti kapena phula, Environment Agency inaika malire a komwe lingaikidwe, poganizira madzi apansi ndi mitsinje.

Pamapepala zonsezi zikumveka bwino. Pofooka ndi pa geti. Lole ikatuluka, makalata aja amakhala m'mafaelo a makampani, ndipo woyendera amawaona pokhapokha atawapempha. Phulusa likhoza kudutsa m'manja mwa wolikonza, wogulitsa, kontalakita wamkulu ndi kontalakita wamng'ono, aliyense akungodziwa amene wamupatsa ndi amene wamupatsira. Lole imodzi yotsala pa ntchito ya msewu ikhoza kuperekedwa mwaulere kwa wina wofuna kukwirira maenje, iye n'kuthokoza. Lamulo la Environment Act la 2021 linapatsa boma mphamvu zokhazikitsa kalondolondo wa zinyalala wa pakompyuta kuti katundu aliyense azioneka komwe ali, koma tsiku loyambira linasunthidwa kangapo.

Kuti vutoli si la ku Byker kokha zinaoneka chaka cha 2001, pomwe atolankhani a BBC anaulula kuti ng'anjo yaikulu ya ku Edmonton, kumpoto kwa London, inkasakanizanso mitundu iwiri ija mpaka m'chaka cha 2000, ndipo phulusa losakanizalo linalowa m'misewu ndi m'mabuloko omangira nyumba. Environment Agency inachita kuyenda chobwerera m'mbuyo, kufufuza m'mabuku a makampani kuti idziwe komwe phulusalo linapita, n'kutulutsa lipoti lake mu 2002. Lipotilo linati chiopsezo kwa okhala m'nyumbazo chinali chochepa. Koma chomwe chimandikhudza ine n'chakuti woyang'anira anayamba kufunafuna phulusalo litalowa kale m'makoma.

Dziko la Netherlands, lomwe limatentha zinyalala zambiri mpaka kuitanitsa zina kuchokera ku Britain, linayesa njira ina. Kwa zaka zambiri linkalola phulusa lapansi kulowa m'zitunda za misewu ikuluikulu malinga litakutidwa kuti madzi asalowe, ndipo malowo aziyang'aniridwa mpaka kalekale. Anadzazindikira kuti "mpaka kalekale" ndi lonjezo lovuta kusunga: chokutira chimang'ambika, chitunda chimatitimira, ogwira ntchito amasintha, mapu amasowa, ndipo patapita zaka 30 wina amabwera ndi makina okumba osadziwa chomwe chili pansi. Mu 2012 boma ndi makampani anagwirizana kuti phulusalo lizitsukidwa mpaka lifike poti lingaikidwe popanda chokutira, theka lake pofika 2017 ndipo lonse pofika 2020. Ngakhale zinali choncho, mu 2019 bungwe lawo loyendera la ILT linachenjeza kuti pa ulendo wa phulusali pali mipata yambiri yomwe boma siliona bwino. Chimodzi mwa zifukwa zake n'choti katunduyu ndi wachilendo pa malonda: mwini wake amachita kulipira kuti wina amutengere. Munthu akalandira ndalama pongolandira phulusa, phindu lake wapeza kale, ndipo chomwe chatsala ndi kupeza pomwe angalitaye motchipa. Woyang'anira aliyense wosaganizira mfundo imeneyi amapusitsidwa.

Ife a ku Africa tili ndi chifukwa chathuchathu chokumbukira zimenezi. Mu 1986 sitima yotchedwa Khian Sea inanyamuka ndi matani pafupifupi 14,000 a phulusa la ng'anjo za mzinda wa Philadelphia ku America. Maiko angapo anaikana. Kumayambiriro kwa 1988 inatsitsa matani pafupifupi 4,000 pagombe la Gonaïves ku Haiti, mapepala akuti ndi feteleza, ndipo boma la Haiti litazindikira n'kulamula kuti alikwezenso, sitimayo inathawa. Lotsalalo linatayidwa m'nyanja, sitimayo itasinthidwa dzina kawiri. La ku Haiti linakhala pagombepo zaka zoposa khumi lisanabwezedwe. Chaka chomwecho cha 1988 phulusa lina la ku Philadelphia, matani pafupifupi 15,000, linatsitsidwa pachilumba cha Kassa pafupi ndi Conakry ku Guinea, akuti ndi zoumbira njerwa. Boma la Guinea linakwiya mpaka linabwezedwa. Nkhani zoterezi ndi zina mwa zomwe zinabala pangano la Basel mu 1989, loyang'anira katumizidwe ka zinyalala zoopsa pakati pa maiko, ndi la Bamako mu 1991, lomwe maiko a mu Africa anapangana kuti aletse kulowetsa zinyalala zoopsa m'maiko mwawo. Ku Haiti linatchedwa feteleza, ku Guinea zoumbira njerwa, ku Byker zokonzera njira. Paliponse phulusa linayamba lasintha dzina, ndipo litasintha dzina panalibenso amene anali ndi udindo wolemba komwe lagona.

N'chifukwa chake ine ndikamayesa ngati boma likuyang'anira mokwanira, sindiyamba ndi kufunsa za ziphaso za fakitale. Ndimafunsa ngati munthu wamba angaloze pamsewu wakwawo n'kuuzidwa mkati mwa masiku ochepa kuti pansi pamenepo pali matani akutiakuti, ochokera ku ng'anjo yakutiyakuti, oikidwa tsiku lakuti, ndipo zotsatira za kupima kwake ndi izi. Kaundula wotere ayenera kukhala wa boma, wosatha ntchito pakapita zaka ziwiri, chifukwa msewu umakhala zaka makumi ambiri ndipo tsiku lina udzakumbidwa. Ndimafunsanso ngati woyendera amatapa yekha zokapima, mosayembekezereka, pamalo pomwe phulusa latsitsidwa, m'malo modalira zokhazo zomwe kampani yatumiza. Ndipo udindo uyenera kutsalira kwa mwini ng'anjo mpaka phulusa litafika pomwe linalembedwa, osathera pa geti. Kumene zinthu zitatuzi zilipo, ndilibe mantha ndi msewu womangidwa pa phulusa.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa mwatchula za kwathu. Ku Malawi kulibe ng'anjo zikuluzikulu zotenthera zinyalala za mumzinda. Za ku Blantyre zimapita ku Mzedi, za ku Lilongwe ku Area 38. Koma timang'anjo ta njerwa ta m'zipatala tilipo tambiri, ndipo timatentha majakisoni, magolovesi ndi machubu a pulasitiki pamoto wosafika madigiri 850 aja, wopanda zosefera utsi. Phulusa lake liyenera kulowa m'dzenje lakelake lomangidwa, lovundikira ndi lotchingidwa ndi mpanda. Aliyense amene anayendapo kuseri kwa zipatala zing'onozing'ono anaonapo nkhuku za m'midzi yoyandikana zikupalasa pafupi ndi malo otere. Palinso dzala la pakhomo, momwe masiku ano timatenthera majumbo, matewera ndi mabatire pamodzi ndi zinyalala za m'munda, kenako n'kutapa phulusalo kukathira pa bedi la mpiru. Lamulo la Environment Management Act la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limapereka mphamvu zoyang'anira zinyalala zoopsa, koma pa dzala la pakhomo woyang'anira ndi mwini khomo. Mukamaimba foni kumudzi, auzeni abale kuti phulusa la pamoto wa nkhuni alisiyanitse ndi la padzala.

Tibwerere ku dimba lanu. Lemberani khonsolo, kapena komiti ya madimba ngati ndiyo inaitana kontalakitayo, ndipo mufunse zinthu zenizeni: dzina la chomwe chinathiridwacho monga lalembedwera pa kalata yoperekezera katundu, kampani yomwe inachigulitsa, matani ake, ndi zotsatira za kupima kwake. Ngati ndi IBAA, funsani kuti ndi lamulo liti lomwe linalola kuliika pamtunda losakutidwa, pafupi ndi malo olima chakudya. Tchulani m'kalatamo kuti mukupempha motsatira Environmental Information Regulations 2004. Malamulo amenewa amakakamiza khonsolo kuyankha mkati mwa masiku 20 ogwira ntchito, ndipo simufunika kufotokoza chifukwa chomwe mukufunsira. Kalata yosainidwa ndi olima angapo, agogo aja ali m'gulu, imayenda msanga kuposa ya munthu mmodzi. Jambulani zithunzi za msewuwo, ndipo tapani timiyalato m'botolo lagalasi loyera, mulembepo tsiku ndi malo. Yankho likakhala losamveka, kapena akanena kuti sakudziwa komwe zinachokera, kanenani ku Environment Agency komanso ku ofesi ya zaumoyo wa chilengedwe ya khonsolo yanu, yomwe ili ndi udindo wofufuza malo oganiziridwa kuti ali ndi poizoni.

Podikira yankho, musachite mantha mpaka kusiya dimba. Phulusa lapansi lokonzedwa masiku ano lili ndi dioxin wochepa kwambiri poyerekeza ndi losakaniza la ku Byker lija, ndipo mwezi umodzi ndi nthawi yochepa. Koma chitani zomwe sizikudyerani ndalama. Nkhuku zikhale m'khola lotchingidwa, kutali ndi msewuwo, ndipo chakudya chawo muziika m'chodyera m'malo momwaza pansi. Timiyalato musatengereko m'mabedi kapena m'khola, ngakhale pakhale matope otani. Madzi a mvula ochokera pamsewupo muwapatutse ndi kangalande kuti asalowe m'dimba. Masamba muzitsuka bwino, mbatata ndi karoti muzisenda, ndipo ana aang'ono asambe m'manja asanadye. Ngati nkhukuzo zakhala zikupalasa pamsewupo kuyambira tsiku lomwe anathira, mazira ake ayambe aima kaye kwa ana ndi kwa amayi oyembekezera kapena oyamwitsa mpaka pepala lija litabwera, ndipo likasonyeza kuti ndi phulusa la ng'anjo, pemphani khonsolo ipime dothi la m'khola pamodzi ndi mazirawo pa ndalama zake.